Kuonana kaye musanapite ku tchalitchi: mmene mungapangire first look pa ukwati wa kwathu kuno

Ndajambula maukwati kwa zaka zingapo ndithu ndipo funso lomwe likubwerabwera masiku ano pa WhatsApp ndi lakuti "achimwene, zija timaona pa Instagram, mkwati wafulatira kenako mkwatibwi nkubwera chakumbuyo kudzamugwira paphewa, zimatheka kuno?" Zimatheka. Eni ake amati first look, ndiye kuti awirinu mukuonana koyamba mutatchena za ukwati, muli nokhanokha, mwambo wodalitsa usanayambe, wojambula ali poteropo. Koma mukangokopera mmene amachitira ku America osaganiza kuti tsiku la ukwati kuno limayenda bwanji, mudzachedwa ku tchalitchi, azakhali adzatupa, ndipo pa zithunzipo mudzaoneka ngati anthu othawa ngongole. Kumeneko maukwati ambiri amadalitsa masana kapena madzulo ndiye amakhala ndi m'mawa wonse, ife wathu ndi wa 8 koloko kapena 9 koloko m'mawa, kusiyana kwake nkumeneko ndipo zonse ndikambe apazi zikuchokera pamenepo.

Kaye chifukwa chomwe ine ndimazikondera. Taganizani pulogalamu ya ukwati wamba, Loweruka kapena Lamulungu ngati muli a Seventh Day. Mwadalitsa, mwasaina, mwatuluka cha m'ma 11, convoy yonse mahutala ulendo kokajambulitsa, kenako kankhomaliro kothamanga, 1 koloko kapena 2 koloko muli ku holo, perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa. Ndiye kuti zithunzi zenizeni, zija mudzapachike pa khoma zaka 30, zimajambulidwa pakati pa 11 ndi 1 koloko dzuwa lili paliwombo, ndipo kuno kwathu dzuwa limafika pamutu 12 koloko isanakwane nkomwe. Palibe nthawi yoipa kujambula nkhope ya munthu kuposa imeneyo. Maso amalowa mumthunzi ngati munthu wodwala malungo, mphuno imagwetsa chithunzithunzi pakamwa, diresi yoyera imangoti mbee osaoneka nkomwe maleisi ake, aliyense akutsinzina, ndipo ngati ndi Okutobala makeup aja ayamba kale kuyenderera, kolala ya mkwati yanyowa. Wina amati tidzajambulitsa madzulo dzuwa likamalowa. Liti? Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 ndipo mdima wake sudikira, nthawi imeneyo MC ali mkati moitana "onse ochokera kuchikazi bwerani kutsogolo", mungatuluke inu? Pomwe 7 koloko m'mawa kuwala kumakhala kofewa, nkhope zili fresh, suti ilibe khwinya.

Chifukwa china sichikhudza kamera. Pa tsiku lonselo, kuyambira kudzuka mpaka kukagona, mphindi zimenezi ndi zokhazo zomwe mungalankhulane awiri popanda wina kukukokani mkono. Ine ndaona akwati ambiri akufika usiku asanauzane ngakhale kuti "watchena".

Yambani ndi akuluakulu, wojambula abwere pambuyo

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amapangana ndi ine, amalipira, malo apeza, ndiye kwatsala masiku atatu ndi pomwe akuuza amayi. Ukwati kwathu kuno si wa anthu awiri, ndipo usiku womaliza uja mkwatibwi amakhala m'manja mwa azakhali ndi alangizi, simungangomutulutsa m'nyumba mbandakucha ngati mukuba nkhuku. Kambani nkhaniyi patatsala mwezi kapena iwiri, ndipo idutse kwa ankhoswe. Mkwati auze amalume ake, mkwatibwi auze ake, iwowo akagwirizana nawo azakhali savuta.

Kakambidwe kake nkofunika. Osayamba ndi mawu oti first look, amangomveka ngati zachilendo zomwe mwatola pa foni. Nenani kuti "amalume, timapempha kuti m'mawa tisanapite ku tchalitchi tionane mphindi zochepa, tipemphere limodzi, atijambule kukadali kozizira kuti tikatuluka mu tchalitchi tisasunge alendo nthawi yaitali." Mwaona? Mwatchula pemphero, mwatchula alendo, ndipo zonsezo nzoona. Mwinanso muwauze kuti azakhali mmodzi apita nawo, adzakhala mugalimoto.

Ena adzakuuzani kuti ndi malaulo mwamuna kuona diresi ukwati usanadalitsidwe, si chikhalidwe chathu. Kunena chilungamo, chikhulupiriro chimenecho chidabwera ndi ukwati wachizungu womwewo, ndipo ngakhale diresi yoyerayo idatchuka Mfumukazi Victoria ya ku Britain itavala yoyera pokwatiwa ndi Albert mu 1840. Chathu chenicheni ndi chinkhoswe, ndipo ku chinkhoswe timaonana, timavina limodzi, mpaka timakhala ndi kuvundukula kwathukwathu kuja amabweretsa anthu atawafunditsa zitenje kuti awone ngati mumudziwadi wanuyo. Koma ndapota nanu, mfundo imeneyi isungeni mumtima, osakaima nayo pamaso pa azakhali ngati loya. Mudzapambana mkangano koma iwo adzakumbukira mpaka pa chikuta cha mwana wanu woyamba. Akakana ndithu ndithu, pali njira zina ndizitchula kumunsiku.

Afunseninso abusa kapena ansembe nthawi ya maphunziro a banja aja. Mipingo imasiyana, ndipo ngakhale mumpingo umodzi atsogoleri amasiyana. Ambiri alibe nazo vuto bola musachedwe, ena amafuna kuti mkwati aone nkhope koyamba pomwe akuvundukula velo paguwa, kuja amaseketsa anthu kuti "taonetsetsani bambo, zija zidamuchitikira Yakobo pa Genesis 29, adagwirira ntchito Rakele nkudzuka m'mawa ali ndi Leya." Ngati abusa anu amaikonda nthabwala imeneyo, musadandaule, velo mudzavalabe ndipo mkwati adzavundukulabe, palibe chomwe chachotsedwa.

Werengani nthawi chobwerera mmbuyo

Tengani pepala, pamwamba lembani nthawi yomwe mwambo ukuyamba. Tiyerekeze 9 koloko. Mkwati akuyenera kukhala atafika 8:30, mkwatibwi 8:45, makamaka ngati tsiku limenelo akudalitsa maukwati angapo nthawi imodzi, chifukwa pamenepo sadikira munthu. Chotsani nthawi ya pamsewu, ndipo muiwerenge mowolowa manja, Loweruka m'mawa mtauni mumadzadza, ndipo convoy siyithamanga ngati kabaza. Tinene kuti mukunyamuka pamalo ojambulirapo 8:10. First look yeniyeni pamodzi ndi zithunzi za awirinu imafuna mphindi 40, mukafuna kuti operekeza ajambulidwe nawo onjezani 20. Ndiye kuti 7:10 mkwati waima kale pamalo pake. Kuti zimenezo zitheke mkwatibwi akhale atavala diresi, velo, nsapato, maluwa m'manja pofika 6:50. Kuvala diresi yokhayo, makamaka yomanga zingwe kumsana, ndi mphindi 20 mpaka 30. Makeup ola limodzi. Tsitsi ngati silinamalizidwe dzulo lake, ola lina. Mwaona komwe tafika? Wa makeup akuyenera kugogoda pachitseko cha m'ma 4:30.

Eya, 4:30. Ndi mtengo wake umenewo ndipo ndi bwino muudziwiretu. Ngati ukwati wanu ndi wa 8 koloko ndipo mkwatibwi akuvalira ku Area 25 pomwe tchalitchi chili ku Kawale, ine ndikanakuuzani kuti zisiyeni, kapena musinthe kovalira. Ngati ndi wa 10 koloko, aaa, inu ndi odala, musaganizenso kawiri.

Chinthu chimodzi chomwe chimagwetsa pulogalamu yonseyi: a makeup ambiri adazolowera kuyamba ndi operekeza nkumalizira mkwatibwi kuti akhale fresh. Pa first look zimatembenuka, mkwatibwi akhale woyamba kapena wachiwiri, atsikana enawo azipakidwa iye ali kojambulitsa. Muuzeni wa makeup zimenezi pomwe mukupangana mtengo, osati m'mawa wa tsikulo, ndipo mumupemphe kuti adzakhalepo kapena akupatseni ka powder ndi lipstick kokonzera mukamaliza, chifukwa misozi imagwa ndithu. Tsitsi likonzedwe Lachisanu. Ayironi ya suti ndi malaya Lachisanu, musadalire kuti magetsi adzakhalapo mbandakucha. Mafuta mugalimoto zonse ziwiri Lachisanu. Ndipo idyani kanthu musanavale, kaya tiyi ndi buledi kaya phala, ndaonapo mkwatibwi akuchita chizungulire paguwa chifukwa chodzuka 4 koloko osalawa kalikonse.

Nyengo nayo muiganizire. Mu Okutobala ndi Novembala kumacha msanga, 5:30 kwayera kale, ndiye 7 koloko dzuwa lakwera ndithu, mudzafuna mthunzi. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limatuluka 6 koloko itadutsa, kuwala kwake 7 koloko ndi kokoma kwambiri koma kumazizira, ndipo ku Blantyre, Thyolo, Mulanje chiperoni chikhoza kukugwerani, mkwatibwi wa diresi yopanda mikono azingonjenjemera, mutengereni kajekete koti avule pomwe tikujambula pokha. Kuyambira Disembala mpaka Malichi khalani ndi khonde lalikulu pafupi ndi ambulera.

Malo

Lamulo langa ndi limodzi, malowo akhale pafupi. Pafupi ndi kovalira mkwatibwi kapena panjira yopita ku tchalitchi, osapitirira mphindi 10 pagalimoto. Abwino kwambiri ndi loji kapena nyumba yomwe mkwatibwi wagona ngati ili ndi kapinga ndi mitengo, chifukwa amangotuluka pakhomo, mkwati ndiye amabwera. Anthu amalakalaka minda ya tiyi ku Thyolo, kapena ku Zomba pa Botanic Gardens, kapena pamwamba pa phiri ku damu la Mulunguzi, nzokongola zedi ndipo ngati mukukwatira komweko pitani, koma musanyamuke ku Blantyre mbandakucha kuti mukajambulitse ku Thyolo nkubwerera 9 koloko isanakwane. Zimenezo zisungireni tsiku lina, diresi mutha kuvalanso.

Pabwalo la tchalitchi penipeni ndimakaniza. Ngakhale pakhale pokongola ngati pa St Michael and All Angels ku Blantyre paja, njerwa zake zomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 zimatuluka bwino pa chithunzi, vuto ndi lakuti akwaya ndi amayi a chigwirizano amalawirira, ndipo akangokuonani nthungululu zayamba, mafoni m'mwamba, chinsinsi chatha.

Pitani mukaone malowo ndi wojambula wanu pa ola lomwelo lomwe mudzajambulitse, osati masana. Muone komwe dzuwa likuchokera, muone ngati kuseri kulibe zingwe zoyanikira zovala, thanki ya madzi, galimoto zoimika. Funsani eni malo ngati amalipiritsa, ngati geti imakhala yotsegula nthawi imeneyo, ndipo mlonda wa tsikulo adziwitsidwe, chifukwa abwana akhoza kuvomera koma mlonda osauzidwa, inu nkuima pageti mutavala velo. Funsaninso ngati amathirira kapinga m'mawa. Zikumveka zazing'ono koma kapinga wonyowa ndi dothi lofiira lathuli zikakumana ndi mpendero wa diresi yoyera, mudzalowa mu tchalitchi ndi mzere wa katondo. Tengani nsalu yoyera ya pabedi yakale muyale pomwe mkwatibwi adzaime, diresi imaiphimba siyioneka, ndipo poyenda wina anyamule mchira wa diresi mpaka pomwe ndidzanene kuti siyani. Nsapato zazitali zimamira mu kapinga, ayende ndi zafulati, diresi yaitali imabisa.

Pangano ndi wojambula

Mufunseni mosabisa ngati adapangapo first look, akuonetseni zithunzi. Si nkhani yovuta koma imachitika kamodzi, simungauze munthu kuti tadabwanso kachiwiri. Funsani ngati kuyamba 6 koloko kukuwonjezera mtengo, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe ngakhale pa WhatsApp pomwepo. Chabwino ndi kukhala ndi makamera awiri, wina aloze nkhope ya mkwati pomwe akutembenuka, wina nkhope ya mkwatibwi. Ngati ndi mmodzi, aime chammbali kuti nkhope zonse ziwiri zilowe, ndipo asankhiretu kuti mkwati adzatembenukira mbali iti. Wojambula wodziwa amagwiritsa lens yaitali yokoka zinthu zakutali, ija ya 70-200, nkuima mamita 10 kapena 15 kutali kuti musamumve nkomwe kupuma. Ngati pali wa vidiyo, amuveke mkwati kamaikolofoni pa jekete mkwatibwi asanatuluke, koma agwirizane ndi wa zithunzi poima kuti asajambulane okhaokha. Flash ayi. Drone ayi, phokoso lake ngati njuchi limapha zonse, aiulutse mukamaliza.

Ndani abwere

Ochepa. Mkwati ndi best man wake, mkwatibwi ndi mtsikana mmodzi womugwirira diresi, azakhali aja ngati mudalonjeza, wa makeup ngati adavomera kudzakhalapo, ojambula, basi. Ndipo onsewo pa mphindi yeniyeniyo abwerere mmbuyo, asaoneke, asamveke.

Pa ukwati wina ndidalola kuti operekeza onse aonerere chapatali, ndimati palibe vuto. Mkwati akungotembenuka chonchi, mnyamata wina kumbuyo uko anakuwa "osalira mani!" gulu lonse kuseka, mkwati naye anangoseka mwamanyazi nkuyang'ana anzakewo mmalo moyang'ana mkazi wake, ndipo chithunzi chomwe ndili nacho ndi cha munthu akuloza chala kutchire. Kuyambira tsiku limenelo operekeza amadikira mugalimoto kapena m'nyumba, ndimawaitana ndikamaliza.

Za mafoni munene mwamphamvu: palibe kuika pa status mpaka mutatuluka mu tchalitchi. Munthu mmodzi yekha akaponya, pofika 8 koloko diresi yazungulira magulu onse a pa WhatsApp, apongozi aiona pa foni asanaione ndi maso, ndipo aja amati ndi malaulo apeza pokambira. Best man atolere mafoni kapena awopseze ndithu.

Mphindi yeniyeniyo

Mkwati afike poyamba, mphindi 10 mkwatibwi asanatuluke. Best man amuone tayi, duwa la pajekete, atulutse foni, makiyi ndi chikwama m'matumba a thalauza chifukwa zimatupa pa chithunzi, koma kampango koyera katsale m'thumba la mkati. Chingamu alavule. Magalasi a dzuwa avule. Ndimamuimika pamthunzi wofanana, osati pansi pa mtengo wodontha kuwala madonthomadontho pankhope, dzuwa likhale chakumbuyo kapena chammbali. Afulatire komwe mkwatibwi achokere. Manja asaike m'thumba ngati akudikira minibasi, angowagwira kutsogolo.

Best man aimbire mtsikana wa mkwatibwi kuti takonzeka, akwati eni ake asaimbirane. Mkwatibwi atsike, amukonze velo ndi mchira wa diresi, pa nthawiyi velo ikhale kumbuyo nkhope ili poyera pokhapokha ngati mudagwirizana ndi akuluakulu kuti ikhale yophimba. Mtsikana uja achoke. Ndiye asisi muyende pang'onopang'ono, pang'onopang'ono zenizeni, masitepe 15 kapena 20, maluwa muwagwire chapamchombo osati pachifuwa. Ambiri amathamanga chifukwa cha mantha. Mukafika kumbuyo kwake imani kaye, pumani kawiri, nthawi imeneyo ine ndikujambula nkhope yake iye asakudziwa kuti mwafika, ndipo kawirikawiri chithunzi chimenecho ndi chomwe chimaposa zonse. Kenako mugwireni paphewa la mbali yomwe tidapangana, kapena mungomuitana dzina lomwe mumamuitana muli awiri.

Achimwene mukatembenuka, tembenukani thupi lonse, ndipo musayang'ane kamera. Musafunse kuti "ndipange bwanji?" Muyang'aneni, bwererani sitepe imodzi mumuone kuyambira kumutu mpaka pansi, mugwireni dzanja azungulire muone kumsana kwa diresi, adaisankha miyezi ingapo ameneyo. Nenani kanthu. Anyamata athu ambiri tidakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, ndiye ena amangouma gwa ngati msilikali, ena amaseka, ena amangoti "eeh" nkugwira pakamwa. Zonsezo nzabwino. Asisi musadikire kuti alire ngati aja a pa TikTok ndipo musamuuziretu kuti ukapanda kulira tiyambana, misozi yokakamiza imaonekeratu pa chithunzi. Chodabwitsa nchakuti aja amalumbira kuti ine sindingalire ndi omwe kampango kaja kamawathandiza.

Pokumbatirana samalani makeup pa jekete ndi pa kolala, foundation ikapaka pa malaya oyera sichoka, mkwatibwi atembenuzire nkhope kunja. Zopsopsonana zili kwa inu ndi chiphunzitso cha mpingo wanu, ambiri omwe ndawajambula amasunga mpaka paguwa, pachipumi pamakwana. Mphete musavale, sizinadalitsidwe, ndipo ngati mukufuna zithunzi zoonetsa mphete ku zala zimenezo tidzajambula mukatuluka.

Zikatero ine ndimatsitsa kamera nkuchokapo mphindi zisanu. Uzani wojambula wanu achite chimodzimodzi, wa vidiyo azimitse maikolofoni. Pempherani ngati mudalonjeza amalume kuti mupemphera, ndipo mupempheredi. Ena amawerengerana timakalata, ena amangofunsana ngati wadya, wina ndidamumva ndikuchoka akufunsa ngati wa keke wafika.

Zithunzi zotsatira

Mukapuma, wa makeup kapena mtsikana uja akonze nkhope, ndiye tijambule za awirinu mphindi 20 kapena 25: mukuyenda, mwaima, chapafupi, chapatali, mkwatibwi yekha, mkwati yekha. Nthawi ikalola itanani operekeza. Ana onyamula maluwa ndi mphete ajambulidwe msanga asanadetse zovala ndi kuyamba kulira. Za makolo, ankhoswe, agogo ndi abale zisiyeni, zimenezo ndi za mukatuluka mu tchalitchi, ndipo poti zazikulu mwathana nazo kale, zotsalazi ndi mphindi 30 pamthunzi pomwepo, kenako mukadye nkhomaliro mutakhala pansi ngati anthu.

Munthu mmodzi akhale wosunga nthawi ndipo asakhale wojambula, ife kuwala kukakoma timaiwala wotchi. Best man ndi amene ayenera kunena kuti yakwana, ndipo ikakwana yakwana ngakhale nditapempha kamodzi komaliza. Ngati zinthu zachedwa m'mawa, tinene mkwatibwi wamaliza kuvala 7:40 mmalo mwa 6:50, dulani za operekeza, chitani kuonana kokhako mphindi 10 muzipita. Akamaliza 8 koloko itadutsa, zisiyeni zonse, kuli bwino kutaya first look kusiyana ndi kupeza abusa atayamba ndi ukwati wina. Gwirizananitu zimenezi pasadakhale kuti pasakhale kulira m'mawa.

Ponyamuka mkwati atsogole ndi galimoto yake, mkwatibwi atsale mphindi 10, akonzedwe bwinobwino, velo itsitsidwe. Musakwere galimoto imodzi ngakhale mafuta avute bwanji, ku tchalitchi mukafike ngati mmene aliyense akuyembekezera.

Akuluakulu akakana, kapena inuyo simukufuna kuonana

Pali kuchita kwina komwe azakhali ambiri savutika nako. Pezani chitseko chotsegula kapena ngodya ya nyumba, mkwati mbali iyi mkwatibwi mbali inayo, mugwirane manja osaonana, mulankhulane, mupemphere, wojambula aime kutsogolo atenge nonse awiri. Chimatuluka chithunzi chokoma kwambiri ndipo diresi sanaione. Ena amamanga mkwati kansalu m'maso, koma ine ndimaona ngati chitseko chimaoneka bwino. Kungoti apa zithunzi za awirinu zibwerera ku dzuwa la masana lija, ndiye mupeze malo a mitengo ikuluikulu kapena khonde.

Kwinanso ndi kuonana ndi makolo. Mkwatibwi akamaliza kuvala, bambo ake kapena amalume omwe adzamuperekeze paguwa aime pabalaza atafulatira, iye nkutulukira. Kapena amayi, kapena agogo omwe adamulera. Izi sizifuna galimoto, sizifuna chilolezo cha wina aliyense, mphindi zisanu zokha, ndipo kunena zoona madoda akuluakulu aja ndi omwe amagwetsa misozi kuposa akwati. Mkwati naye atha kuchita chimodzimodzi ndi mayi ake atavala suti.

Funso lomwe akwatibwi amandifunsa komaliza nthawi zonse ndi lakuti, nanga akandiona 7 koloko, polowa mu tchalitchi adzamvanso kanthu? Ine ndimaima kutsogolo chammbali kamera ili pa nkhope ya mkwati nthawi imeneyo, ndiye ndimaona. M'mawa muja amakhala akuona diresi ndi nkhope. Mu tchalitchi kwaya yaimirira, mpingo wonse watembenuka, amayi ake akupukuta m'maso pa benchi yoyamba, bambo anu akubwera nanu pang'onopang'ono, ndi zina zimenezo. Kusiyana komwe ndimaona nkwakuti amene adaonana kale manja sanjenjemera povala mphete. Best man angokumbukira kumubwezera kampango kena kouma, koyamba kaja kamakhala katanyowa kale.